Agogo akapita kokapimidwa

Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukayandikira, ine tulo timachepa. Kutentha kwa ku Monkey Bay kumathandizirako, koma nkhani yeniyeni ndi yakuti mwezi umenewu ndi pomwe chiphaso chotsimikiza kuti njinga yanga yamoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chija tonse timangoti COF, chimatha mphamvu. Njingayo ndi Yamaha DT 125, mtundu uja ankayendera alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo ife tili ana, masiku amene agogo athu ankaitchula kuti mthuthuthu. Ndinaigula mu 2018 kwa bambo wina amene anapuma pantchito ya ulangizi, ndipo mapepala ake amaonetsa kuti ine ndi njingayi tinangosiyana zaka zochepa kubadwa. Ana a pasukulu yomwe ndimaphunzitsa, kuno kwa Nankumba, anaipatsa dzina loti Agogo, ndipo dzinalo linakhazikika.

Anzanga m'chipinda cha aphunzitsi amakonda kundifunsa moseka: "Kodi Agogowa amakhozadi mayeso, kapena mumawabera?" Funsoli amafunsanso anthu ena amene akufuna kugula njinga yakale chifukwa yatsopano ndalama zake sangazikwanitse. Yankho langa ndi ili: pa maulendo 7 amene ndapita nayo kokapimitsa, maulendo 5 inakhoza tsiku lomwelo. Maulendo awiri inabwezedwa, ndipo pa maulendo awiri onsewo injini inalibe mlandu.

Ntchito yoona za ziphasozi ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za pamsewu, ya DRTSS, potsatira lamulo la zapamsewu la 1997. Masiku ano zonse zimadutsa m'makina a kompyuta otchedwa MalTIS, kotero njinga imene sinalembedwe m'kaundula singayambe n'komwe nkhani ya COF. Galimoto kapena njinga ya munthu payekha imapimidwa kamodzi pachaka, pomwe maminibasi ndi mabasi amapimidwa pafupipafupi kuposa apa. Wopimayo amayamba wafananiza nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zomwe zili pamapepala. Akatero amaona mabuleki, matayala, nyali yakutsogolo, nyali ya buleki, maindiketa, hutala ndi magalasi oonera kumbuyo. Amagwedeza chiwongolero kuti amve ngati chikukhukhuluzika, amayang'ananso pansi ngati mafuta akudontha. M'zaka zonsezi sindinamvepo wopima akundifunsa chaka chomwe njinga inapangidwa n'cholinga choti aibweze.

Ulendo woyamba kubwezedwa unali mu 2019, ndipo ndikaukumbukira ndimachita manyazi. Ndinali nditawononga ndalama zambiri kugula pulagi yatsopano ndi kutsukitsa kabuleta, poganiza kuti wopima akamva kulira kwabwino kwa injini adzangogwedeza mutu. Iye anaima kumbuyo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tapondani buleki." Ndinaponda. "Pondaninso." Ndinapondanso mwamphamvu. Nyali sinayake. Kasipuling'i kakang'ono kamene kamakoka swichi ya nyali ya buleki kanali katachita dzimbiri n'kuduka, kanthu ka mtengo wosafika pa mulu umodzi wa usipa. Ndinali nditayenda miyezi ingati madalaivala a kumbuyo kwanga osadziwa kuti ndikuima? Ndani amadziona kumbuyo akamayendetsa?

Apa ndi pamene pali chofooka cha njinga zakale: magetsi. Injini za ma DT ndi ma AG zinapangidwa kuti zipirire nkhanza za kumudzi, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amazidziwa. Koma mawaya ake akakalamba amauma, amathetheka, ndipo polumikizira pamachita dzimbiri. Batire ikafooka maindiketa amangoyaka osaphethira, hutala imalira ngati mwanapiye. Munthu amazolowera, n'kumaloza ndi dzanja pokhota.

Tsono ife a kunyanja tili ndi adani athuathu. Woyamba ndi mchenga. Ukalowa mutcheni chomwe mwathira oyilo, umasanduka ngati sandipepa, n'kumadya mano a sipuroketi pang'onopang'ono mpaka asongoke ngati minga. Umalowanso m'madiramu a mabuleki ndi m'maberingi. Wachiwiri ndi dzuwa: tayala limene mapanga ake akuoneka akadali bwino limatha kukhala litang'ambikang'ambika m'mbali chifukwa chokhalitsa padzuwa la mu Okutobala ndi Novembala. Wachitatu ndi chinyezi, ndipo kwa amene amanyamula nsomba kuchoka ku Msaka kapena ku Chembe, madzi odontha m'mabasiketi amadya masipoko ndi felemu mwakachetechete. Njinga yomwe ku Dedza ikanatha zaka ziwiri ndi tcheni chimodzi, kuno chaka sichitha.

Ulendo wachiwiri kubwezedwa ndi umene unandichititsa kulemba nkhaniyi. Munali mu 2022, chaka chomwe kwacha inagwa ndi 25 peresenti m'mwezi wa Meyi, mitengo ya masipeya n'kukwera malipiro ali pomwepo. Wopima anaona tayala lakutsogolo, analisisita ndi chala, n'kundiuza kuti lasalala ngati mutu wa dazi. Ndinkadziwa. Ndinangoyesa mwayi.

Nditabwerera, mnzanga wina amene ali ndi njinga ngati yanga anandiuza kuti, "Achimwene, musavutike. Tengani langali, mukabwerako mundibwezera." Awerengi amene muli ndi galimoto kapena njinga musanamizire kudabwa, mchitidwe umenewu mukuudziwa: kubwereka tayala, galasi, batire, ngakhale hutala, kwa tsiku limodzi lokha. Ndinabwereka, ndinakhoza, ndinabweza. Tayala langa losalala linabwerera pamalo pake, chiphaso chatsopano chili m'thumba, mumtima ndikuti ndidzagula kumapeto kwa mwezi. Mapeto a mwezi anadza ndi fizi ya mlongo wanga, ena anadza ndi feteleza wa amayi kumudzi.

Mvula yoyamba ya mu Disembala inandipeza chomwecho. Tsiku lina mnyamata wa Fomu 3 anadzitema phazi ndi chikwakwa potchetcha pabwalo, magazi ali chuchuchu. A hedi anandiitana: "Aphunzitsi, thamangani nayeni ku chipatala mwanayu." Tinamanga bala ndi nsalu, anakwera kumbuyo, ulendo wa ku chipatala cha Monkey Bay. Titatsala pang'ono kulowa mumsewu wa tala, mbuzi inadumphira kutsogolo. Ndinagwira buleki, osatinso mwamphamvu, koma tayala lija linangotsetsereka pamatope ngati sopo. Tonse awiri tinapezeka pansi. Mwamwayi liwiro linali lochepa. Ine ndinasupuka bondo, mnyamatayo anasupuka chigongono, kuwonjezera pa bala lake lija.

Madzulo ake mayi a mwanayo anabwera kunyumba ndi nkhuku, kudzathokoza kuti ndinathamangira naye ku chipatala. "Mulungu akudalitseni aphunzitsi, ngozi siona nkhope," anatero atagwada pakhonde. Nkhukuyo ndinalandira chifukwa kukana kukanakhala mwano, koma sinatsike bwino pakhosi. Ineyo ndinkadziwa kuti wopima uja anandichenjeza miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo ndinamupusitsa ndi tayala la eni. M'kalasi ndimalanga ana obera mayeso. Sabata yomweyo ndinatenga ngongole ku banki mkhonde ya akazi anga n'kugula tayala.

Chomwe ndaona n'chakuti zaka za njinga sizinena zambiri. Yang'anani njinga za kabaza zomwe zadzaza pa siteji iliyonse kuyambira ku Monkey Bay, Makawa mpaka pa boma. Zambiri sizinathe zaka zitatu, koma zimagwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka usiku, zitanyamula anthu awiri kapena atatu ndi thumba la chimanga. Zina magalasi anachotsa dala, maindiketa anathyoka, buleki yatsala yakumbuyo yokha. Mutaziika pamzere umodzi ndi Agogo pamaso pa wopima, sindikayika kuti ndani angatuluke ndi chiphaso. Koma zambiri mwa izo sizifika n'komwe pamzerewo, chifukwa zilibe nambala, zilibe inshuwalansi, ndipo oyendetsa ake alibe laisensi. Sindikunena monyoza. Ambiri mwa anyamatawa ndinawaphunzitsa ndekha, ena anakhoza bwino MSCE, ntchito n'kusowa. Njinga si yawo, madzulo aliwonse bwana akudikira ndalama yake, ndiye tsiku loti akapimitse alitenga kuti?

Ndipotu tsikulo ndi lodula. Kuchoka ku Monkey Bay kungofika pa boma la Mangochi ndi makilomita oposa 60, ndipo amene zake sizinatheke pafupi amapitirira mpaka ku Zomba kapena ku Blantyre. Werengerani petulo wopita ndi wobwerera, oyilo wa 2T poti injini yanga imamwa zonse ziwiri, chakudya cha panjira, ndi makalasi amene atsala opanda mphunzitsi tsiku limenelo. Netiweki ikavuta, kapena akakubwezani chifukwa cha babu, zonsezo muzilipiranso kachiwiri. Mpata umenewu ndi womwe amalowerapo madobadoba, anyamata aja amakunong'onezani pageti kuti angathe kukutulutsirani pepala njinga ili kunyumba. Pepala lotere likhoza kukudutsitsani pa rodibuloko, koma ndi tayala lobwereka lomwe lija m'maonekedwe ena. Ndikanakonda akuluakulu oona za pamsewu akanakhazikitsa masiku odziwika pachaka oti opima azibwera okha m'malo ngati Monkey Bay, Namwera ndi Makanjira, monga amachitira a kalembera wa mavoti. Sindikuti onse angabwere, koma ambiri amene amazemba chifukwa cha mtunda angaonekere.

Vuto lina ndi masipeya. Kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zida zenizeni za Yamaha zinafika poti mphunzitsi wa dipuloma amangoziyang'ana pawindo. Zotchipa zilipo zambiri, m'mapaketi okongola, koma mashuzi a buleki ena amatha teremu isanathe. Makaniko wanga, mkulu wa imvi amene anayamba kukonza njinga zimenezi ine ndisanayambe sukulu, anandiphunzitsa kugawa: pulasitiki, magalasi ndi mababu gulani zotchipa, koma pa mabuleki, matayala ndi maberingi musanyinyirike. Amakondanso kuloza kudoko n'kunena kuti Ilala inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, ndipo ikadali kunyamula anthu kupita ku Likoma ndi Nkhata Bay chifukwa nthawi ndi nthawi amaiimitsa n'kuikonza. Ndimamuyankha kuti Ilala sikonzedwa ndi malipiro a mphunzitsi. Iye amangoti walira mvula walira matope.

Tsopano ndimayamba kukonzekera kukadali milungu itatu. Madzulo ena ndimaimika njinga pafupi ndi khoma loyera la kalasi, mwana wanga wamkulu n'kuima kumbuyo kumandiuza ngati nyali ya buleki ikuyaka ndikaponda ndiponso ndikagwira ya kumanja. Ndimatukula tayala lililonse n'kuligwedeza, ndimagogoda masipoko ndi sipanala kuti ndimve lomwe likulira mosiyana, ndimapukuta nambala ya chasisi kuti iwerengeke. Chaka chino ndapeza kuti foloko yakumanzere ikutulutsa oyilo, ndipo tayala lakumbuyo layamba timing'alu m'mbali. Ndalama ya masilo a foloko ilipo. Ya tayala ikudikira malipiro a Seputembala, ndipo mnzanga uja ndamuuza kale kuti asandibwerekenso lake ngakhale nditam'pempha.