Mlendo wolumala alowe pakhomo pathu

Alendo amabwera m'dziko lathu chaka ndi chaka. Ena amapita ku Metangula kukaona nyanja ya Niassa. Ena amapita ku Songo kukaona damu la Cahora Bassa. Ena ndi amalonda odutsa pa Ulongwe. Onsewa amafuna pogona ndi chakudya.

Ife alimi timapindula nawo. Hotela ndi nyumba za alendo zimagula kachewere, tomato, kabichi, mazira ndi nkhuku. Mlendo akagona masiku atatu, kooperativa imagulitsa masiku atatu. Akabwerera pakhomo, ndalama imabwerera naye.

Koma alipo alendo amene amabwerera pakhomo pomwepo. Ndi anzathu olumala. Ndalama ali nayo, chipinda chilipo, koma polowera palibe. Masitepe ndi aatali. Khomo ndi lopapatiza, njinga ya olumala sikwana. Chimbudzi chili kutali, chopanda pogwira.

Kodi anzathuwa ndi ochepa? Iyayi. Kalembera wa 2017 anapeza anthu olumala oposa 700,000 mu Mozambique. Ena anabadwa choncho. Ena anadwala poliyo. Ena anavulala pamsewu. Ena anaponda mabomba okwirira pansi. Nkhondo inatha mu 1992, koma mabomba anatsala m'minda. Ntchito yochotsa mabomba m'malo odziwika inatha mu 2015. Miyendo yodukayo sinabwerere.

Lamulo lilipo. Mu 2008 boma linalamula kuti nyumba zolowamo anthu onse zimangidwe moti wolumala alowe. Mu 2012 dziko lathu linavomera pangano la maiko lonena za ufulu wa olumala. Koma lamulo siligwira khasu. Ogwira khasu ndife.

Nanga tichite chiyani?

Choyamba, timange njira yotsetsereka pambali pa masitepe. Amisiri amaitcha rampa. Muyezo wake ndi uwu: pokwera sentimita 1, njira italike masentimita 12. Khonde likakwera masentimita 20, njira ikhale ya masentimita 240. Ikafupika, imakhala phiri, ndipo njinga imabwerera m'mbuyo. Tiitsendere bwino kuti isaterere ndi mvula.

Chachiwiri, khomo likhale la masentimita 90. Chingwe chopimira mizere ya chimanga chingapimenso khomo.

Chachitatu, chimbudzi chikhale pafupi. Tiikemo mpando wathabwa woboola pakati. M'mbali tikhome mtengo wolimba wogwira podzuka. Kubafa tiikenso mpando.

Chachinayi, njira ikhale yosesa. Tichotse miyala, makasu ndi zitsa. Tikwirire maenje. Mnzathu wosaona amayenda ndi ndodo, ndipo dzenje limodzi lingamuthyole mwendo.

Chachisanu ndi ulemu, ndipo ulemu sugulidwa. Tilankhule ndi mlendo mwini wake, osati ndi womuperekeza. Tifunse kaye kuti, "Bambo, tikuthandizeni bwanji?" Tisamunyamule ngati thumba la chimanga. Wosaona timugwiritse mkono wathu, timuuze pamene pali sitepe. Wosamva timuyang'ane kumaso polankhula, kapena timulembere papepala. Apa pakuoneka phindu la sukulu yathuyi!

Paulendo ndi chimodzimodzi. Mu chapa, wolumala akhale pafupi ndi khomo. Dalaivala adikire mpaka atakhala bwino. Njinga ndi ndodo ndiyo miyendo yake. Tisaziponye padenga ngati nkhuni.

Zonsezi sizifuna ndalama zambiri. Njerwa timaumba tokha. Mitengo ndi mchenga tili nazo. Pomanga tiitane anzathu olumala a m'mudzi muno. Iwo ayese njirayo, atiuze polakwika. Amadziwa kuposa mmisiri.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Sachedwa kupita, koma mbiri amapita nayo. Akalandiridwa bwino, amauza anzake. Njira yomweyo idzathandiza agogo athu, mayi wapakati, ndi ife tomwe tikadzakalamba.

Anzathu, tiyambe ndi nyumba yathu ya msonkhano. Mawa tibwere ndi chingwe, tipime khomo ndi khonde.