Mafunso Khumi kwa Mayi wa Khanda

Mwana akabadwa, anthu amathamangira kukaona khanda, ndipo ku sikelo amaliyeza mwezi ndi mwezi. Koma ofunsa za mumtima mwa mayi wake ndi owerengeka.

Amayi ena akatuluka m'chikuta amagwidwa ndi chisoni chosatha: tulo sitibwera ngakhale mwana atagona, chakudya sichikoma, misozi imangotsika. Zikapitirira masabata awiri, amenewa ndi matenda a maganizo. Si ulesi kapena ufiti ayi. Mayi wotere amavutika kuyamwitsa, ndipo mwana angathe kunyentchera.

Matendawa saoneka ndi maso. Nchifukwa chake m'chaka cha 1987 akatswiri a ku Edinburgh anafalitsa mafunso khumi ofunsa mayi m'mene wakhala akumvera pa masiku 7 apitawo. Mafunsowa anamasuliridwa m'Chichewa ndipo anayesedwa pa amayi oyembekezera ku Mangochi. Namwino wa pachipatala chaching'ono angathe kuwafunsa pa mphindi zochepa, popanda makina.

Mafunsowo sachiza, amangoloza mayi wofunika kuonedwa bwino. Kuchira kumadza ndi uphungu, chisamaliro cha abale, ndipo nthawi zina mankhwala. Mayi akayamba kunena zodzipha, abambo kapena apongozi apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.