Wailesi ya Kanema ndi Mwana Wosamva

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za chinthu chimene chalowa m'nyumba zambiri, ndiponso za mwana amene aiwalika kawirikawiri pamene banja lisonkhana pa chinthucho.

Wailesi ya kanema siinakhale ndi anthu nthawi yaitali. M'chaka cha 1926 munthu wa ku Scotland, dzina lake John Logie Baird, anaonetsa anthu ophunzira mumzinda wa London kuti nkhope ya munthu ikhoza kutumizidwa ndi mphamvu ya magetsi, nioneka ikugwedezeka pa kagalasi. Ndipo mu 1936 a BBC anayamba kuulutsa zithunzi kwa anthu m'nyumba zao. Kwathu kuno ku Malawi wailesi ya kanema ya boma inatsegulidwa mu 1999. Lero lino, ngakhale kumene kulibe magetsi, anthu atchera mphamvu ya dzuwa, nadzaza m'nyumba za kanema za pa msika kukaona mpira. Nkhani za dziko, mau a akuluakulu a boma, malangizo a za matenda, zonsezi zifika kwa ife podzera pa galasi limeneli.

Tsono taganizani za mwana wosamva. Akhala pamphasa pamodzi ndi abale ake, aona milomo ikuyenda, aona anzake akuseka, koma chimene chawaseketsa sachidziwa. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, liti ana pafupifupi 34 miliyoni ali ndi vuto lalikulu la kumva. Ndipo mwa ana osamva 10, ana 9 abadwa kwa makolo akumva bwino, amene sanaphunzirepo chinenero cha manja. Chomwecho mwanayo akhoza kukula ngati mlendo m'nyumba ya atate ake omwe.

Komatu chinthu chomwechi, chikagwiritsidwa ntchito mwanzeru, chithandiza. Ku Britain, kuyambira 1964 kufikira 1976, a BBC anali kuonetsa masewero a ana otchedwa Vision On. Anawakonzera ana osamva, motero munali zojambula zambiri ndi mau ochepa, ndipo mayi wotsogolera anali kulankhula ndi pakamwa ndi manja pamodzi. Chodabwitsa n'chakuti ana akumva nawonso anawakonda kwambiri. Ku America, m'masewero a ana otchedwa Sesame Street, mayi wosamva, Linda Bove, anaonekera kuyambira 1971 kufikira 2002 monga wosunga nyumba ya mabuku, ndipo ana ochuluka anaona chinenero cha manja koyamba kwa iyeyo. M'dziko lomwelo, mu 1980, inayamba njira yakuti mau olankhulidwa alembedwe pansi pa chithunzi kwa amene awafuna. Mau amenewa athandiza wosamva kutsata nkhani, nathandizanso mwana aliyense amene aphunzira kuwerenga.

Si onse anakondwa ndi zotere. Mu 2009 a BBC analemba ntchito mayi wina, Cerrie Burnell, amene anabadwa ndi mkono wamanja wolekezera pafupi ndi chigongono, kuti azicheza ndi ana aang'ono pa kanema. Makolo ena anadandaula kuti ana ao adzachita mantha. Koma mayiyo anakhalabe pa ntchitoyo kufikira 2017. Pamenepa tiona kuti mantha otere ayamba ndi akulu, ndipo mwana amene azolowera kuona munthu wa ulumali pa galasi sadzamthawa akamuona pa benchi la sukulu.

Ntchito imeneyi ifuna anthu odziwa, pakuti yochitidwa mwachinyengo ipweteka. Pa 10 December 2013, pa mwambo wokumbukira Nelson Mandela ku Johannesburg, munthu amene anaimikidwa kuti amasulire ndi manja anangogwedeza manja opanda tanthauzo. Akumva sanazindikire kanthu, koma osamva a m'maiko ambiri amene anali kuonera anadziwa msanga kuti anyengedwa. Chinenero cha manja chili ndi malamulo ake monga Chichewa, ndipo maiko ambiri ali ndi chaochao. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 achiwerengera pa zinenero 16 za dzikolo, pamodzi ndi Chichewa chathu chomwe. Ndipo South Africa anachiyesa chinenero cha boma cha nambala 12 mu 2023.

Nanga za sukulu? Mu June 1994 nthumwi za maboma 92 zinasonkhana ku Salamanca m'dziko la Spain, nizigwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse, a ulumali ndi opanda ulumali, kuti aphunzire pamodzi. Chaka chomwecho boma la Malawi linachotsa malipiro m'sukulu za pulaimale. Mu 2006 bungwe la United Nations linakhazikitsa pangano la ufulu wa anthu a ulumali, limene Malawi analivomereza mu 2009. Ndime 24 ya panganoli inena za maphunziro a ana onse pamodzi, ndipo ndime 30 inena kuti anthu a ulumali ayenera kufikiridwa ndi zoonetsedwa pa kanema m'njira imene iwo akhoza kuzitsata.

Sukulu za ana osamva zilipo, monga Mary View ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, Mua ku Dedza, Mountain View ku Thyolo ndi Embangweni ku Mzimba, ndipo aphunzitsi a ntchitoyi aphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi komweko. Koma sukuluzi n'zowerengeka ndipo zili kutali ndi midzi yambiri. Mwana wosamva wa kumudzi akapanda kulandiridwa pa sukulu ya kwao, kawirikawiri atsala pakhomo. Tikumbukirenso chaka cha 2020, pamene sukulu zinatsekedwa mu March chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo maphunziro ena anali kuulutsidwa pa wailesi ya mau. Mwana wosamva sanapindule nawo ngakhale pang'ono.

Tisadzinyenge kuyesa kuti galasi lidzakhala mphunzitsi wa mwana. Mwana aphunzira chinenero pofunsa ndi poyankhidwa, ndipo kanema sayankha munthu. Kumkhazika mwana pa kanema tsiku lonse kuti asavutitse ndiko kumtaya, ngakhale ali m'nyumba.

Tsono tikupemphani izi. Mukaona kuti mwana satembenuka poitanidwa, kapena khutu lake lituluka mafinya, pitani naye kuchipatala msanga, pakuti matenda a m'khutu, chikuku ndi matenda oumitsa khosi aononga kumva, ndipo zambiri za izi zipewedwa. Phunzirani chinenero cha manja banja lonse. Bungwe la anthu osamva la MANAD ndi aphunzitsi a sukulu tatchulazi akhoza kukulozerani njira. Pa nthawi ya nkhani sankhani kumene kuli womasulira ndi manja pangodya ya galasi, mumkhazike mwanayo kutsogolo, ndipo zikatha mumfunse zimene waona. Mukamlembetsa kusukulu, pemphani aphunzitsi kuti amkhazike pa benchi loyamba, kuti polankhula aziyang'ana ana nkhope ili poyera, ndi kuti asafotokoze kanthu atatembenukira ku bolodi.

Ndi inunso amene ana anu onse akumva bwino, nkhaniyi njanu, pakuti akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Uzani ana anu kuti amtenge mnzaoyo popita kusukulu mamawa, aphunzire kwa iye zizindikiro za moni, za madzi ndi za masewera, ndipo madzulo amuitane kudzaona nao kanema.