Atolankhani a pa intaneti ali pa moto m'chigawo chino

Pa 5 April 2022, apolisi mumzinda wa Blantyre adagwira mtolankhani Gregory Gondwe, mkulu wa Platform for Investigative Journalism (PIJ), bungwe limene limafalitsa nkhani zake pa intaneti. Adamulanda lamya ndi kompyuta, ndipo adamupanikiza kuti aulule amene adamupatsa chikalata cha boma chokhudza ndalama zolipira kampani ya mpondamatiki wina yemwe ankafufuzidwa pa nkhani za katangale. Gondwe adakana. Adamumasula tsiku lomwelo, koma patapita masiku ochepa tsamba la PIJ lidasokonezedwa ndi anthu osadziwika. Mu 2024 mtolankhaniyu adakabisala atalemba nkhani ina yokhudza asilikali a dziko la Malawi.

Nkhani ngati iyi ingaoneke ngati ya anthu a m'tauni okhaokha, koma imafika mpaka pa munda wa mlimi. Mu 2022 kudamveka kuti ndalama zokwana K750 miliyoni, zogulira feteleza wotsika mtengo wa pulogalamu ya AIP, zidaperekedwa ku kampani ya ku Britain imene ntchito yake idali yogulitsa nyama. Atolankhani adaikakamira nkhaniyo, ndipo mu October chaka chomwecho nduna ya zaulimi idachotsedwa pa udindo. Ndalama ya feteleza ikasowa ku likulu, amene amagona ndi njala ndi wa kumudzi.

Kale boma likafuna kutseka pakamwa pa nyuzipepala, linkatseka makina osindikizira, monga zidachitikira The Post ya ku Zambia mu 2016 pa nkhani ya misonkho. Tsamba la pa intaneti lilibe makina otere. Atolankhani ochepa, lamya ndi kompyuta ndi zokwanira, ndipo nkhani imayenda pa WhatsApp ndi Facebook kufikira anthu amene sadagulepo nyuzipepala. N'chifukwa chake maboma adapeza njira zina.

Njira yoyamba ndi malamulo. Ku Malawi, lamulo la mu 2016 lokhudza zochitika pa intaneti lidagwiritsidwa ntchito pomanga mtolankhani Macmillan Mhone mu April 2024, chifukwa cha nkhani imene idatuluka pa tsamba la Malawi24. Ku Tanzania, malamulo a mu 2018 adakakamiza ofalitsa nkhani pa intaneti kugula ziphaso zokwera mtengo, ndipo mu October 2024 boma lidaimitsa kwa masiku 30 masamba a kampani ya Mwananchi.

Njira ina ndi kuopseza. Ku Zimbabwe, Hopewell Chin'ono adamangidwa mu July 2020 ataulula zachinyengo pa kagulidwe ka zipangizo zolimbana ndi Covid-19, nkhani imene idachotsetsa ntchito nduna ya zaumoyo. Ku Eswatini, boma lidalengeza mu 2022 kuti mkonzi wa Swaziland News, Zweli Martin Dlamini, ndi chigawenga. Chimene chimaopsa kwambiri n'chakuti apolisi akalanda lamya ya mtolankhani, amatha kudziwa amene amamutsina khutu. Kalaliki kapena mlangizi amene adaona kuba akuchitika amayamba kuganiza kawiri asanalankhule.

Komabe pali zina zolimbitsa mtima. Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limateteza ufulu wa atolankhani. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo mu July 2025 bwalo la milandu lidagamula kuti kuipitsa mbiri ya munthu kusakhalenso mlandu womangitsa.

Lamulo la mu 2020 lija si la atolankhani okha. Komiti ya chitukuko cha m'mudzi kapena kalabu ya alimi ili ndi ufulu wolemba kalata ku khonsolo kufunsa m'mene ndalama za mjigo, mlatho kapena sukulu zayendera. Mnzako akapsa ndevu mzimire, adatero akuluakulu: mtolankhani akatsekedwa pakamwa lero, mawa amene adzasowe womulankhulira ndi mlimi.