Bokosi la NAS silichita kuflashidwa ngati foni

NAS ndi bokosi lokhala ndi hadi disiki imodzi kapena zingapo, lolumikizidwa ku netiweki kuti makompyuta onse a pa ofesi azisungamo mafayilo. Mkati mwake muli kompyuta yathunthu: purosesa, memore, ndi kachipangizo kotchedwa flash komwe kamasunga mapulogalamu oliyendetsa. Mu mzinda wa Mzuzu mabokosi otere amapezeka m'maofesi a mabungwe ndi kwa ojambula zithunzi za maukwati, ndipo ena amafika atagwirako kale ntchito kunja.

Vuto limayamba kampani ikasiya kukonza pulogalamu ya bokosilo. Mu June 2021 anthu ambiri okhala ndi My Book Live ya Western Digital anapeza mafayilo awo atafufutidwa ndi achiwembu a pa intaneti, pulogalamu yake itakonzedwa komaliza mu 2015. Mankhwala ake ndi kuikamo pulogalamu ina yomwe ikusamalidwabe, monga Debian kapena NetBSD. Apa ndi pomwe pamalowera mawu otopetsa aja akuti "tingoliflasha". Bokosi la ofesi ina ya ku Katoto linathera pomwepo: wokonza anayamba kufufuta flash yonse ngati ya foni, magetsi n'kuthima ntchito ili pakati, bokosi osadzukanso.

Chomwe chinafufutidwa ndi bootloader, kapulogalamu koyamba komwe purosesa imawerenga magetsi akangolowa. M'mabokosi ambiri akale imakhala U-Boot kapena RedBoot. Ntchito yake ndi kudzutsa memore, kenako kunyamula kernel, yomwe ndi mtima wa pulogalamu yoyendetsa makina, n'kuipatsa ulamuliro. Kampani imaikonza mongokwanira zofuna zake: imayang'ana kernel pamalo amodzi, ya mtundu umodzi, yosapitirira kukula kwakutikwakuti. Ikapatsidwa yachilendo, imakana.

Anthu ambiri amaganiza kuti bootloader yokanayo iyenera kuchotsedwa. Ayi ndithu. Imasiyidwa momwe ilili, ndipo pamalo pa kernel pamaikidwa bootloader yachiwiri. Yoyambayo imanyamula yachiwiri poganiza kuti ndi kernel yake ya masiku onse, yachiwiriyo n'kukatenga kernel yeniyeni. Njinga ya sakaramento siifikitsa munthu ku Karonga, koma imamufikitsa ku depoti komwe kuli basi, ndipo palibe chifukwa choiphwanyira.

Njirayi si yatsopano. Kabokosi ka Linksys NSLU2, komwe kanatuluka mu 2004 ndi memore ya 32 MB ndi flash ya 8 MB, kanali ndi RedBoot yosanyamula kernel yoposa 1 MB. A Debian sanalimbane nayo. Anaika kapulogalamu kotchedwa APEX pambuyo pake kuti kazinyamula kernel yaikulu. A NetBSD ali ndi altboot, yomwe imagwira ntchito pa mabokosi a purosesa ya PowerPC monga Kurobox, QNAP TS-101 ndi Synology DS-101g+, ndipo imawerenga kernel kuchokera pa disiki kapena pa netiweki. Malire a malo si nkhani yaing'ono: Debian 11 ya mu 2021 inasiya mabokosi a QNAP a purosesa ya Marvell Kirkwood chifukwa kernel siinkakwananso pa 2 MB yomwe kampani inapatula.

Ubwino waukulu umaoneka zinthu zikalakwika. Bootloader yachiwiri ikaonongeka, yoyamba imakhala ikadali moyo ndipo wokonza amayesanso. Yoyamba ikaonongeka, pamafunika zida za JTAG, kapena pulogalamu ya kwboot pa mabokosi a Kirkwood, ndipo si wokonza aliyense ali nazo. M'dera lomwe magetsi amathima osatsanzika, kulemba pa bootloader yoyamba popanda chifukwa chokwanira ndi juga yotchova ndi katundu wa eni ake.

Wofuna kuyesa ayambe wakopera mafayilo onse n'kuwasunga ku nyumba ina. Anthu a Mzuzu sanaiwale laibulale ya Mzuni yomwe inapsa mu December 2015. Woyesayo apeze chingwe cha serial cha 3.3V cholumikizira bokosi ku kompyuta, osati cholowa pa doko lakale la kompyuta chomwe chingaotche bolodi, ndipo liwiro la serial nthawi zambiri ndi 115200. Pa U-Boot alembe printenv n'kusunga zonse zotuluka, akopere flash yonse, kenako ayese bootloader yachiwiri mu memore kudzera pa netiweki ndi TFTP asanalembe kalikonse. Pa nthawi yolemba, bokosi likhale pa batire la UPS. Ndondomeko imasiyana malinga ndi bokosi, ngakhale mabokosi a kampani imodzi, choncho nambala yake iwerengedwe bwino.

Si bokosi lililonse loyenera khama lonseli. La memore ya 32 MB masiku ano ndi lophunzirirapo chabe, pomwe ambiri a purosesa ya Intel amatha kuyambira pa USB ngati kompyuta wamba, osafunanso bootloader yachiwiri.