GALIMOTO LA UTOTO WOSANYEZIMIRA SILIFUNA POLISHI

Wolemba: Mtola Nkhani Wathu

M'MISEU ya mu Lusaka ndi m'matauni ena akulu muli kuoneka magalimoto amene utoto wao suwala konse. Ena ngakuda ngati makala, ena ngotuwa ngati phulusa, ndipo ngakhale dzuwa la masana liombe pa iwo, munthu sangaone nkhope yace pa citseko monga acitira pa magalimoto ena onse.

Osadziwa amayesa kuti utotowo unacita kufwifwa ndi dzuwa, kapena kuti mwini wace anasowa ndalama zotsirizira nchito kwa opaka penti. Si tero ai. Utoto umenewu, umene Azungu amaucha matte, umapakidwa dala kuti uzioneka mbuu, ndipo ngwokwera mtengo kupambana utoto wa masiku onse.

Bvuto lace ndi lakuti zambiri zimene tinaphunzira pa kasamalidwe ka galimoto ndizo zimene zimaononga utoto wotere. Amene anakula m'zaka za m'ma 1970 akumbukira bwino lomwe makolo ao Loweruka m'mawa ali kupukuta Peugeot 504 kapena Fiat yolumikizidwa ku Livingstone, kupaka polishi ndi kukweca kufikira thukuta litatuluka. Galimoto losamalidwa linali galimoto lowala. Amai naonso anali kucita cimodzimodzi ndi polishi wofiira pa khonde. Tsono dzanja lozolowera motere likafika pa utoto wa matte, limaononga m'mphindi zowerengeka cinthu cimene mmisiri sangathe kucibweza popanda kupaka utoto watsopano.

Cimene cicititsa kusawala

Utoto wa galimoto la makono uli ndi miyalo ingapo. Pa citsulo pamayamba mankhwala oletsa dzimbiri, kenaka utoto wapansi, kenaka utoto wa mtundu umene maso amaona, ndipo pamwamba peni-peni pamabwera muyalo woonekera mkati ngati galasi umene umachinjiriza zonse za pansi. Miyalo yonseyi pamodzi kucindikala kwace kumangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndiko kunena kuti sikusiyana kweni-kweni ndi pepala lolembapo kalata.

Pa galimoto wamba muyalo wa pamwambawu ngwosalala ngati madzi a pa dziwe tsiku lopanda mphepo, motero kuwala kwa dzuwa kukagwapo kumabwerera mbali imodzi ndi kulowa m'maso mwathu. Pa galimoto la matte, opanga utoto amasakanizamo ufa wosalala kwambiri, kawiri-kawiri wa silika, amene ali cinthu comwe cija cipezeka mu mcenga. Utoto ukauma pamatsala timapiri ndi timaenje tating'ono ting'ono tosaoneka ndi maso. Kuwala kukafika pamenepo kumamwazikana mbali zonse monga pa dziwe lomwe lija mphepo ikaomba, ndipo ndico cifukwa cace munthu sadziona nkhope.

Kukongola konse kwa utotowu kwagona pa timapiri ndi timaenje timeneti. Polishi ali ndi tinthu tokhakhala timene nchito yace ndi kupala pamwamba pa utoto kuti pasalale, motero amagumula timapiri tija. Phula lopaka pa galimoto, limene pa botolo amalemba kuti wax, silipala koma limadzaza timaenje. Zonse ziwiri zimathera kumodzi: pamalo pamene papakidwa pamayamba kunyezimira, pamene kwina konse kuli mbuu.

Ngakhale popanda polishi, kukweca kokha ndi nsalu pamalo amodzi kumacita zomwezo. Mlimi ali yense adziwa mpini watsopano wa khasu m'mene uonekera, ndi m'mene umasalalira ndi kung'anima pogwira manja dzinja limodzi likatha. Mpini wotere sungabwererenso mwakale.

Phula lingathe kucotsedwa nthawi zina ndi mankhwala oyenera, koma pamene timapiri tagumuka palibenso mankhwala. Pa galimoto lowala, mmisiri amafafaniza kamzere kokalika mwa kupala pang'ono ndi makina. Pa la matte sangayese n'komwe, pakuti makinawo angangokulitsa cigamba cowala. Cotsala ndi kupakanso citseko conse kapena boneti yonse. Ndipo apa pabukanso bvuto lina, cifukwa mmisiri ayenera kufananitsa zinthu ziwiri, mtundu wa utoto ndi muyeso wa kusawala kwace. Muyeso umenewu umasintha malinga ndi kasakanizidwe, kucindikala kwa utoto wopoperedwa ndiponso msanga umene waumira. Citseko cimodzi cikasiyana ndi cinzace, diso limaona pomwepo, ndipo nthawi zina pamafunika kupaka mbali yonse ya galimoto.

Makampani omwe acenjeza

Utoto wosawala si wacilendo pa dziko. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, asilikali anali kupaka malole ndi akasinja ao utoto wotere kuti asang'anime ndi kuonedwa ndi ndeke za adani. Iwo sanali kusamala za kukongola, ndipo cigamba cimodzi kapena ziwiri sizinali kudetsa nkhawa munthu. Zinthu zinasintha pamene makampani opanga magalimoto okwera mtengo anautenga kukhala cokometsera. A BMW amaucha Frozen, a Mercedes-Benz amaucha magno.

M'caka ca 2010 kampani ya BMW inagulitsa ku America magalimoto 30 okha a mtundu wa M3 opakidwa utoto wochedwa Frozen Gray, ndipo wogula ali yense anayenera kusaina kalata yobvomereza kuti wauzidwa za kasamalidwe kace, makamaka kuti sayenera kupakapo polishi kapena phula. Ngati opanga eni ace anafika pa kusainitsa anthu, tingaone kuti nkhaniyi si yamasewera.

Kwathu kuno kalata yotere palibe amene amaiona. Magalimoto ambiri amafika atagwira kale nchito kwina, kudzera pa Nakonde, pa Chirundu kapena pa Kazungula, ndipo buku la malangizo likakhalamo n'komwe, kawiri-kawiri limakhala m'cinenero ca ku Japan. Mwini amalandira makiyi okha, ndi kupita nalo kotsukitsa.

Kumeneko ndiko kumacitika ngozi zambiri za utoto umenewu. Mnyamata wotsuka magalimoto anaphunzitsidwa kuti bwana amakondwa galimoto likawala. Akaona galimoto la mbuu amaganiza kuti lakhala nthawi yaitali losasamalidwa, ndipo pofuna kuti apatsidweko kena kace pamwamba pa malipiro, amatenga citini ca polishi ndi kuyamba pa boneti mwa mphamvu zace zonse. Cimene waononga mtengo wace ungapambane malipiro ace a miyezi yambiri, ndipo angacotsedwe nchito tsiku lomwelo. Kunena zoona, wolakwa pamenepa ndi mwini galimoto amene anasiya makiyi osanena kanthu. Mau ocepa cabe akuti asapakepo ciri conse koma madzi ndi sopo amene mwabwera naye ngokwanira kupulumutsa utoto ndi nchito ya mwana wa mnzanu.

Fumbi ndi madzi

Mdani woyamba wa utotowu m'dziko lathu ndi fumbi, makamaka kuyambira August kufikira mvula itagwa. Fumbi lofiira la m'miseu yopanda tala liri ndi timcenga takuthwa, ndipo limakhazikika m'timaenje tija. Ambiri ali ndi cizolowezi cotenga nsanza youma m'mawa ndi kupukuta fumbi asananyamuke. Kutero kuli ngati kupala galimoto ndi sandipepa. Galimoto la matte lisakhudzidwe ndi nsalu liri louma. Ngati madzi palibe, kuli bwino kuliyendetsa ndi fumbi lace.

Tsukani m'mawa kapena madzulo, pa mthunzi, citsulo ciri cozizira. Yambani ndi kuthira madzi ambiri kucokera pa denga kutsika pansi kuti fumbi licoke lokha dzanja lisanafike. Ogwiritsa nchito makina opopera madzi mwa mphamvu asayandikitse mlomo wace ku utoto. Mpata wa theka la mita ngwabwino.

Pambuyo pace pafunika ndowa ziwiri. Imodzi ikhale ya madzi a sopo, inzace ya madzi okha. Mukasisita mbali imodzi, tsukuluzani nsalu m'ndowa ya madzi okha musanaibviikenso mu sopo, kuti mcenga umene yatola utsale m'menemo. Wotsuka ndi ndowa imodzi amabweza mcenga womwewo pa galimoto kufikira atatsiriza. Nsalu ikhale yofewa, ya mtundu wa microfibre, ndipo iyende mopepuka m'mizere yoongoka, osazunguliza ndiponso osakanikiza. Matayala ndi kunsi kwa zitseko zikhale zotsirizira, ndi nsalu yace-yace.

Sopo wa ufa wocapira zobvala ndi sopo wotsukira mbale ngaukali ndipo amasiya mizere yotuwa. Wofunika ndi sopo wa madzi wopangidwira utoto wa matte. Akasowa, sopo wa galimoto wofatsa angathandize, koma werengani botolo coyamba: ngati palembedwa mau akuti wax, polish kapena gloss, libwezeni pa shelefu. Makina otsukira magalimoto okhala ndi maburashi ozungulira ngoletsedwa kotheratu.

Anthu a mu Lusaka ali ndi bvuto lina la iwo okha. Mzindawu unamangidwa pa miyala ya laimu, motero madzi a m'zitsime zakuya zokumba ndi makina ali ndi laimu wambiri. Ali yense amene anasuzumira m'ketulo yace anaona zoyera zimene zimakanirira pansi. Madzi omwewo akaumira pa galimoto amasiya timawanga toyera tozungulira. Pa utoto wowala timeneti timacoka ndi polishi, koma pa wa matte njira imeneyo ndi yotseka. Cifukwa cace madzi asaloledwe kuuma okha. Yalani nsalu youma yofewa pamalo onyowa, ikanikizeni pang'ono kuti imwe madzi, inyamuleni ndi kuiyala pena, monga acitira munthu poumitsa inki pa kalata. Madzi a mvula otungidwa bwino ndi kusefedwa alibe laimu, ndipo ngabwino kutsukuluzira komaliza.

Zosayenera kugonetsa

Pali zonyansa zina zimene siziyembekeza Loweruka. Zitosi za mbalame ndi za mileme zimadya utoto, ndipo pa dzuwa la October zimasiya cipsera msanga ndithu. Cimodzimodzi utomoni wa mango, maluwa a jakaranda akagwa ndi kuvunda pa boneti, ndi inswa zophwanyika kutsogolo kwa galimoto mvula yoyamba ikagwa. Izi zisapalidwe ndi cikhadabo. Bviikani nsalu m'madzi ofunda, iyaleni pamwamba pace kwa mphindi zingapo kufikira zitafewa, ndi kuzinyamula. Ngati sizinacoke, bwerezani kubviika.

Mafuta a mtundu uli wonse amadetsa utotowu ndi kuusiya wonyezimira. Petulo kapena dizilo akadontha pothira, amwetsedwe ku nsalu nthawi yomweyo ndi kutsukapo ndi madzi a sopo. Mankhwala owalitsa matayala amathothokera ku zitseko galimoto likayamba kuthamanga, motero ndi bwino kungowasiya. Ngakhale zala zopakidwa mafuta odzola zimasiya zidindo, ndipo ana okonda kulemba maina ao pa fumbi la galimoto ayenera kuletsedwa. Phula la mumseu watsopano likamatirira kunsi, pali mankhwala ace olembedwa kuti ngoyenera utoto wa matte, koma ayesedwe coyamba pamalo obisika, monga mkati mwa citseko. Timapepala tomata ta zipembedzo, ta mpira kapena ta malonda tisamatidwe pa utoto, pakuti pomatula pamatsala cizindikilo.

Ofuna kuchinjiriza utoto angapeze mankhwala opopera amene amapangidwira matte yekha, amene amathandiza kuti madzi ndi zonyansa zisakanirire koma osawalitsa. Palinso pulasitiki woonekera mkati, wosawala, amene amisiri amamata pa boneti ndi kutsogolo kumene timiyala timalasa.

Utoto kapena comata

Si galimoto liri lonse looneka mbuu limene linapakidwa utoto wa matte. Ambiri amangokutidwa ndi pulasitiki wopyapyala wochedwa vinyl, wopangidwa ndi makampani monga 3M ndi Avery Dennison, pamene utoto weni-weni uli pansi. Kuti mudziwe, tsegulani citseko ndi kuyang'ana m'mphepete: ngati mkati muli mtundu wina kapena muli kuoneka pothera pulasitiki, ndiye kuti n'comata. Katsukidwe kace n'cimodzimodzi, koma madzi a mphamvu asalunjikidwe m'mphepete cifukwa amamatula. Ubwino wace ndi wakuti mbali yoonongeka ingamatulidwe ndi kumatapo ina pa mtengo wocepera kupaka utoto. Kuipa kwace ndi kwakuti dzuwa limaukalambitsa patapita zaka zowerengeka, kuyambira pa denga ndi pa boneti. Amene wasintha mtundu wa galimoto kusiyana ndi wolembedwa mu White Book ayenera kudziwitsa a bungwe la RTSA kuti mapepala agwirizane ndi galimoto.

Wofuna kugula galimoto la matte logwira kale nchito asaliyang'ane madzulo kapena liri lonyowa, pakuti madzi amabisa zigamba zonse. Alione masana, lotsukidwa ndi louma. Aimirire kutsogolo capambali, awerame ndi kuyang'ana motsata utali wa galimoto. Malo oyamba kuwala ndi pozungulira zogwirira zitseko, pa cibvundikiro ca petulo, pa mphepete mwa buti pamene manja amatsekera, ndi pakati pa boneti pamene wina anakwecapo citosi.