Gombe la Durban, Kumene Anthu Amakwera Mafunde

Munthu wobadwira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, amene amadziwa ukali wa mwera ndi kuvina kwa bwato, akafika pagombe la Durban ku South Africa amazindikira msanga kuti nyanja yamchere ili ndi khalidwe lakelake, pakuti mafunde ake salinda mphepo ya pamalopo kuti adzuke, koma amachokera kutali kumene namondwe anawabala, nafika ali m'mizere ngakhale tsiku labata. Madzinso ngofunda chaka chonse, chifukwa cha mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Agulhas umene umatsika kuchokera kumpoto, ndipo n'chifukwa chake gombe la Golden Mile silisowa alendo ngakhale m'mwezi wa June.

Kum'bandakucha, mzinda usanayambe phokoso, anyamata ndi atsikana amatsikira ku North Beach atakwapatira matabwa awo. Aliyense amayamba wapaka phula pathabwa kuti mapazi asaterereke, namanga chingwe cha thabwalo kumwendo, kenaka n'kugona chafufumimba pamwamba pake, akupalasa ndi manja mpaka kuseri kwa malo amene mafunde amasweka. Kumeneko amakhala chete, maso ali kunyanja, ndipo mafunde ambiri amawalola kudutsa, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma likadza limene analiyembekezera, amatembenuka, napalasa mwamphamvu, nadzuka kamodzin'kamodzi, maondo ali opinda, n'kumatsetsereka m'mbali mwa khoma lamadzi limene likumugwera kumbuyo. Ndinena mosabisa kuti mwa masewera onse amene ana a anthu anatulukira, ochepa ndiwo amakondweretsa maso chotere. Pagombe lomweli ndi pamene anakulira Shaun Tomson, amene anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1977, ndiponso mpikisano wotchuka wa Gunston 500 unayambira pano mu 1969.

Komatu m'madzimo muli eni ake. Kuyambira mu 1952 gombe la Durban lakhala likutchingidwa ndi maukonde oletsa nsomba zolusa za shaki, ndipo lero ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la KwaZulu-Natal Sharks Board, ngakhale kuti ambiri amadandaula, ndipo ali ndi chifukwa, kuti maukondewo amakolanso akamba ndi zolengedwa zina zosalakwa. Chimene mlendo ayenera kuopa koposa ndi madzi obwerera, amene amakokera munthu kwakuya mwakachetechete. Choncho asambe pakati pa mbendera zimene alonda a pagombe azika, ndipo pamene akayika afunse, poti safunsa anadya phula.

Dzuwa likalowa, khamu limasamukira ku Florida Road, kumene nyumba zakale zinasanduka malo odyera ndi ovinira. Kumeneko kumagunda gqom, nyimbo ya ng'oma zolemera imene inabadwira m'makomboni a Durban momwemo, ndipo wanjala amagula bunny chow, buledi wobooledwa pakati n'kuthiramo nyama kapena nyemba zatsabola, chakudya cha Amwenye a mumzindawu chimene chimadyedwa ndi manja. Ovina amachezera mpaka m'mawa. Wanzeru amabwerera kogona pa galimoto, osati wapansi.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri n'chakuti chisangalalo chonsechi sichinali cha onse. M'masiku a tsankho, pamchengapa panali zikwangwani zonena kuti malo abwino ngosungidwira azungu okha, kotero kuti Mzulu wobadwira pomwepo, pamodzi ndi abale athu amene anapita kukagwira ntchito m'nyumba ndi m'mahotela, ankayang'ana madziwo ngati Mose poyang'ana Kanani. Magombe anatsegulidwa kwa onse kumapeto kwa 1989, ndipo lamulo logawa malo linafafanizidwa mu 1990. Lero bungwe la Surfers Not Street Children limaphunzitsa ana amene ankagona m'misewu kukwera mafunde, ndipo ena mwa iwo apikisana kale ndi akatswiri. Pa 26 December ndi pa 1 January mabanja amafika pa maminibasi kuchokera ku Umlazi ndi KwaMashu, atanyamula mapoto ndi maambulera, ochuluka kotero kuti akuluakulu a mzinda amaveka ana tizibangili tolembedwa nambala ya foni ya kholo, kuti wosochera m'khamulo abwezedwe kwa amayi ake.